Chikwangwani Chimalembedwera Mlendo

Pali mtundu wina wa anthu amene maso awo sapuma. Munthu wotere akatuluka m'nyumba m'maŵa kupita kukakwera minibasi, asanafike n'komwe pasiteji amakhala ataona kale zolakwa khumi zimene anzake oyenda naye sadazione. Waona chikwangwani cha pachigayo chimene mlembi wake adayamba ndi zilembo zikuluzikulu, malo n'kumuthera, mwakuti zilembo zitatu zomaliza zidachita kuthinana m'mphepete ngati anthu a pampando wakumbuyo. Waona chipupa cha golosale chopakidwa utoto wachikasu, dzina la golosaleyo n'kulembedwa ndi utoto woyera, kotero kuti dzuŵa likakwera dzinalo limazimirira. Waona botolo la mankhwala a chifuŵa pamene dzina la kampani lidalembedwa moti munthu angaliŵerenge ali kutsidya kwa msewu, koma muyeso woti mwana amwe udalembedwa ndi tizilembo tonga nyerere. Munthu ameneyu ndiye mmisiri wolinganiza maonekedwe a zinthu, uja achinyamata a masiku ano amamutcha dizayina.

Ntchito yake ambiri saimvetsa. Amaiyesa yokongoletsa chabe, yonga kudzala maluŵa pakhomo nyumba itatha kale kumangidwa. Ngakhale m'masukulu maganizo ameneŵa adazika mizu: mwana waluso pojambula amaonedwa ngati wotaya nthaŵi, ndipo phunziro la zojambula ndilo limayamba kuikidwa pambali mayeso akayandikira. Zotsatira zake n'zakuti wachinyamata amene watsiriza Fomu 4, napeza laputopu, amaloŵa m'ntchitoyi ali ndi maganizo omwewo. Amayesa kuti mwini malonda akamupatsa ndalama, iye ayenera kumubwezera mitundu yambirimbiri, mithunzi, zilembo zopotana ndi zinthu zophethira pasikirini. Kulakwa kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira si mmisiriyo. Amalipira ndi munthu amene wasokera, mayi amene wamwetsa mwana muyeso wolakwika, wophunzira amene walephera kulembetsa dzina chifukwa fomu ya pa intaneti yamukana. Woyenera kuŵeruza ntchito ya mmisiri ameneyu ndi mlendo, munthu amene wafika koyamba, ali pachangu, ndipo palibe woti amufunse.

Mbiri ya mapu a sitima zoyenda pansi pa nthaka mumzinda wa London imasonyeza bwino mfundoyi. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mapu a njanji zimenezi ankajambulidwa motsata nthaka. Njanji ikakhota, mzere wa papepala unkakhotanso. Masiteshoni akatalikirana, papepala ankatalikirananso. Zinkamveka zanzeru, koma chotulukapo chidali mtolo wa zingwe zopiringizana. Pakati pa mzinda, pomwe masiteshoni ngoyandikana, mayina ankathinana, pamene cha kunja kwa mzinda pepala linkangokhala mbee.

Harry Beck, amene adabadwa mu 1902, sadali katswiri wotchuka wa zojambulajambula ayi. Adali wojambula mapulani m'ofesi yoona za zizindikiro za njanji, munthu wozoloŵera kulemba papepala mmene mawaya a magetsi amayendera. Mu 1931, pa nthaŵi yakeyake, popanda womutuma, adadzifunsa funso limene akuluakulu ake sadalifunsepo: kodi munthu amene ali pansi pa nthaka amafuna kudziŵa chiyani? Safuna kudziŵa ngati njanji yakhotera kumpoto kapena kumwera, pakuti woyendetsa si iye. Safunanso kudziŵa kutalika kwa mtunda. Amafuna zinthu ziŵiri zokha: siteshoni yotsatira ndi iti, ndipo atsikire pati kuti akwere sitima ina. Motero Beck adawongola mizere yonse, ina naigoneka, ina naiimika, ina naipendeketsa pa madigiri 45. Adakuza pakati pa mzinda, nafinya madera akunja, naika masiteshoni motalikirana pafupifupi mofanana. Pa zinthu zonse za pamtunda adangosiyapo mtsinje wa Thames wokha.

Akuluakulu a ofesi yofalitsa nkhani adayamba akana, nati mapu otere ngachilendo kwambiri ndipo anthu wamba sangawamve. Ichi n'chinthu chimene mmisiri aliyense amakumana nacho: mkulu wokhala m'ofesi amaopera anthu wamba zinthu zimene eni akewo saziopa. Beck adalimbikira, ndipo mu Januwale 1933 mapu ake adasindikizidwa pa timapepala topinda toloŵa m'thumba. Anthu sadafune wowaphunzitsa. Adangotenga n'kuyamba kuyenda nawo. Lero mizinda yambiri ya padziko imajambula mapu a sitima ndi mabasi motsata nzeru yomweyo. Mwini nzeruyo adalandira ndalama yochepa kwambiri, ndipo mu 1960 kudatuluka mapu atsopano okonzedwa ndi munthu wina. Beck adakhala zaka zingapo akulemba makalata ofuna kubwezeredwa ntchito yake, koma osaphula kanthu. Adamwalira mu 1974, ulemu umene akupatsidwa masiku ano usanafike.

Woŵerenga wochenjera adzafunsa kuti: kodi mapu otere sakunama? Akunama ndithu. Masiteshoni a Bayswater ndi Queensway ali pa msewu umodzi, mtunda woyenda pansi mphindi ziŵiri kapena zitatu, koma pamapu ali pa njanji zosiyana. Mlendo wokhulupirira pepala angathe kutsikira pansi, kukwera sitima, kusintha, kukweranso ina, n'kukatulukira pafupi ndi pomwe adaloŵera. Limeneli ndi dipo limene Beck adavomera kulipira, kuti anthu ochepa azungulire koma miyandamiyanda isasokere. Mmisiri sangathe kunena zonse, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake ndiyo kusankha chimene achisiye. Komabe kusiyako kuli ndi malire ake. Mu 2009 oyang'anira maulendo mu London adachotsa mtsinje wa Thames pamapu pofuna kuti pepala lipepuke, ndipo anthu adadandaula kwambiri mwakuti chaka chisanathe mtsinjewo udabwezeredwa. Mtsinje sudali njanji, koma ndi umene unkauza munthu kuti ali mbali iti ya mzinda wake.

Nkhani yachiŵiri ili pamsewu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 dziko la Britain lidayamba kumanga misewu ikuluikulu ya magalimoto aliŵiro. Zikwangwani zakale zidali zosiyanasiyana malinga ndi amene adaziika, zambiri zolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo sizikadathandiza dalaivala wothamanga. Ntchito yokonza zatsopano idapatsidwa kwa Jock Kinneir, amene adagwira pamodzi ndi wophunzira wake, Margaret Calvert, mtsikana wobadwira ku South Africa mu 1936. Aŵiriŵa adapanga mtundu watsopano wa zilembo wotchedwa Transport, umene udayesedwa koyamba mu 1958 pa msewu wolambalala tauni ya Preston. Pa 1 Januwale 1965 zikwangwani zawo zidakhazikitsidwa ndi lamulo pa misewu ya dzikolo.

Chimene chidautsa mkangano n'chakuti adasakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono. David Kindersley, mmisiri wodziŵika wosema zilembo pamiyala, adatsutsa kwambiri, nati zilembo zazikulu zokhazokha ndizo zimaŵerengeka bwino. Kinneir ndi Calvert ankaganiza mwina. Iwo ankati munthu wofunafuna dzina la tauni saŵerenga chilembo chimodzichimodzi, koma amazindikira thupi la liwu lonse, monga mwana amazindikirira mayi ake ali patali poona kayendedwe kokha. Liwu lolembedwa ndi zilembo zazing'ono lili ndi mitu yotulukira pamwamba ndi michira yolendeŵera pansi, pamene la zilembo zazikulu zokhazokha limangokhala ngati njerwa.

Calvert ndiye adajambulanso zambiri mwa zithunzi za pazikwangwani zochenjeza. Ng'ombe ya pachikwangwani cha ziŵeto adaijambula potengera ng'ombe yeniyeni, dzina lake Patience, ya pafamu ya abale ake. Chikwangwani chakale cha ana a sukulu chidali ndi mnyamata wovala kapu akutsogolera kamtsikana. Iye adatembenuza, naika mtsikana akutsogolera mlongo wake wamng'ono atamugwira dzanja, ndipo mtsikanayo adamujambula potengera chithunzi cha iye mwini ali mwana. Dalaivala wa ku Britain amaona ntchito ya mayi ameneyu kambirimbiri patsiku, koma ambiri sadziŵa dzina lake. Sachita kuimika galimoto kuti ayamikire. Amangokhota pamene ayenera kukhota, nafika kwawo ali moyo.

Wina angati zonsezi n'za njanji ndi phula, ndipo ntchito ya lero ili pa intaneti. Koma ulusi wake ndi umodzi, ndipo ungathe kulondoledwa ndi chala. Pamene Tim Berners-Lee adalemba maganizo ake mu 1989 ku CERN, pafupi ndi Geneva, cholinga chidali choti asayansi azigaŵana zolemba mosavuta, ndipo masamba oyamba adali mawu okhaokha. Pang'ono ndi pang'ono masamba adalemera ndi zithunzi, makanema ndi zotsatsa malonda. Boma la Britain lidafika pokhala ndi mawebusayiti mazanamazana, unduna uliwonse ndi nthambi iliyonse ili ndi yakeyake, yoyalidwa motsata mmene boma lidadzigaŵira. Munthu wofuna kukonzetsa pasipoti kapena kulipira msonkho ankayenera kuyamba wadziŵa kuti nkhani yake ili m'manja mwa ofesi iti. Mu Okutobala 2012 kudatsegulidwa webusayiti imodzi yotchedwa GOV.UK: zilembo zakuda pa pepala loyera, zithunzi zochepa kwambiri, ziganizo zazifupi, ndipo tsamba lililonse likuyankha funso limodzi la nzika. Zilembo zimene adasankha n'zochokera ku Transport, zomwe zija za pamsewu, zitakonzedwanso Calvert mwini ali pomwepo. Mu 2013 webusayitiyi idalandira mphoto yaikulu ya chaka ya Design Museum ya ku London, ndipo nyuzipepala ina idaiseka kuti njosasangalatsa. Nyuzipepalayo idanena zoona, koma idaiŵala kuti palibe munthu amene amapita ku ofesi ya msonkho kukasangalala.

Phunziro limeneli n'lofunika kwambiri kwa mmisiri wa kuno ku Malaŵi kuposa wa ku London. Iye amakhala kutsogolo kwa sikirini yaikulu, m'chipinda chamthunzi, ndi intaneti ya ofesi imene salipira yekha. Woŵerenga wake ali ndi kafoni kotchipa kosweka galasi, waima padzuŵa pamsika, ndipo bandulo imene wagula njatsiku limodzi. M'zaka za m'ma 2020 tsamba wamba la pa intaneti lidapitirira ma MB 2 kulemera kwake. Masamu ake ngosavuta: bandulo ya ma MB 100 ingathe pa masamba 50 okha. Choncho mmisiri amene amaika kanema wodziyambira yekha pamwamba pa tsamba la sukulu kapena la chipatala, akudya ndalama ya munthu wosauka popanda kumupempha. Chimodzimodzinso amene amalemba ndi zilembo zotuŵa pa malo oyera chifukwa wakopera fasho ya kunja. Malangizo a bungwe la W3C amati kuŵala kwa zilembo wamba ndi kwa malo amene zalembedwapo kusiyane pa mlingo wa 4.5 kwa 1 kapena kuposerapo, ndipo pali zipangizo zaulere zoyesera zimenezi m'kamphindi. Palinso anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriŵira. Kwa iwo batani lofiira ndi lobiriŵira n'chimodzimodzi ngati palibe mawu olembedwapo.

Mwina ntchito yolinganiza imene yakhudza anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa ilibe chithunzi ngakhale chimodzi. Ndi kamndandanda kaja ka manambala kamene kamatuluka pafoni munthu akamatumiza ndalama, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba, kapena pa M-Pesa imene idayamba ku Kenya mu 2007. Pamenepo palibe mtundu, palibe mthunzi. Luso lonse lili pa kusankha chimene chikhale nambala 1, ndi mawu ati amene alembedwe, ndiponso kuti munthu adine kangati asanatsirize. Mu 2015 a M-Pesa adaonjezera kanthu kakang'ono: dzina la wolandira lizioneka kuti wotumiza athe kuletsa ngati walakwitsa nambala. Amene adaganiza zimenezo sadakongoletse kalikonse, koma adaumitsa misozi ya anthu ambiri.

Pali zina zimene mmisiri wakunja sangazione, zimene mwana wa kuno ayenera kuziona. Mafomu ambiri a pa intaneti amakana kachizindikiro kamene kali mu ng', motero munthu wa dzina longa Ng'ambi kapena Ng'oma amauzidwa ndi makina kuti dzina lake n'lolakwika, dzina limene makolo ake akhala nalo mibadwomibadwo. Amachita kulidula kuti fomu imulandire, kenaka dzina la pa satifiketi limasiyana ndi la pachiphaso, mavuto n'kuyambira pomwepo. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, mulibe m'mitundu ina ya zilembo za pakompyuta, ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Mmisiri wosamala amayamba walemba liwu lakuti Malaŵi asanasankhe zilembo zoti agwiritse ntchito. Fomu imene imaumiriza munthu kulemba nambala ya nyumba ndi dzina la msewu yaiŵala kuti anthu ambiri amadziŵika ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ndiponso mawu a Chicheŵa ngataliatali. Batani limene lidapimidwa ndi liwu lalifupi la Chingerezi limang'ambika likalandira lachicheŵa.

Tsono nkhani ya zizindikiro za malonda, imene achinyamata ambiri amaikonda koposa. Liwu la Chingerezi lotchulira chizindikiro chotere lidachokera ku mwambo wotentha chikopa cha ng'ombe ndi chitsulo chamoto kuti mwini wake adziŵike. Tanthauzo lake loyamba ndi lomwelo: chinthu ichi chili ndi mwini, ndipo chikalakwika pali munthu woti afunsidwe. Chizindikiro choyamba kulembetsedwa mwalamulo ku Britain, pa 1 Januwale 1876, chidali kachinthu kofiira ka ngodya zitatu ka kampani yofulula moŵa ya Bass. Mwana wa Sitandade 2 angathe kukajambula. Chizindikiro cha nsapato za Nike adachijambula ndi Carolyn Davidson, wophunzira wa pa Portland State University, mu 1971, ndipo adalipidwa madola 35. Patapita zaka kampaniyo idamuthokoza ndi masheya. Anthu akamva nkhaniyi amadabwa kuti chinthu chamtengo wapatali chotero chidagulidwa motchipa. Koma mu 1971 kamzere kaja sikadali kamtengo wapatali. Kadali kamzere chabe.

Chizindikiro chatsopano chili ngati nkhokwe imene yangomangidwa kumene: ingakhale yolukidwa bwino chotani, mulibe chimanga. Chimene chimaidzaza ndi khalidwe la mwini malonda, tsiku ndi tsiku, kwa zaka. Telala akasoka bwino nakwanitsa tsiku limene adalonjeza, dzina la pachitseko chake limayamba kulemera lokha. Akamanamiza anthu, dzina lomwelo limasanduka chenjezo. Apa ndi pamene mmisiri amayesedwa ngati ali munthu woona. Amabwera mwini basi amene okwera amuthaŵa chifukwa basi yake imanyamuka mochedwa ndipo kondakitala ngwamwano, nati akufuna chizindikiro chatsopano ndi mitundu yatsopano kuti malonda adzuke. Mmisiri wanjala amalandira ndalama, najambula mkango kapena chiwombankhanga. Mmisiri woona amajambula ndithu, pakuti nayenso ali ndi ana, koma amayamba wanena kuti utoto sudzakonza wotchi. Wotereyu mwina amataya kasitomala mmodzi mwa atatu, koma otsalawo amabweranso.

Nkhokwe ikadzaza, siikhalanso ya mwini yekha. Mu Okutobala 2010 kampani ya zovala ya Gap idasintha chizindikiro chake chimene anthu adachizoloŵera kwa zaka zoposa 20, ndipo patangotha pafupifupi mlungu umodzi idabwerera ku chakale chifukwa cha phokoso la ogula. Kumayambiriro kwa 2009 kampani ya Tropicana idachotsa pa mabokosi ake a juwisi chithunzi cha lalanje lobayidwa ndi kapaipi komwera, niikapo tambula ya juwisi. Malonda adatsika ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse m'miyezi iŵiri, ndipo lalanje lija lidabwezeredwa. Sikuti juwisi adasintha kukoma. Ogula ankangodutsa pashelefu osamuzindikira, monga munthu amadutsira mnzake amene wameta ndevu.

Dziko la Malaŵi lidaona zofanana ndi zimenezi pa chinthu chachikulu kuposa juwisi. Mbendera ya 1964, ya mizere yakuda, yofiira ndi yobiriŵira, yokhala ndi dzuŵa lofiira lotuluka kumene, idasinthidwa mu Julaye 2010 pa nthaŵi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Mzere wofiira udakwera pamwamba, ndipo pakati padaikidwa dzuŵa loyera lathunthu, pa chifukwa chakuti dziko lidatukuka ndipo sikudalinso m'bandakucha. Mu Meyi 2012 Nyumba ya Malamulo idabwezeretsa mbendera yakale. Zandale za nkhaniyi zili ndi eni ake, koma mmisiri amaonapo mfundo ya ntchito yake: mbendera yatsopanoyo sidali yonyansa pakuiona, koma idalibe zaka 46 za anthu amene adaiimbira nyimbo pabwalo la sukulu m'maŵa ulionse. Chikumbukiro chotero sichijambulidwa pakompyuta.

Komabe sibwino kuganiza kuti chinthu chosakongola ndicho chabwino nthaŵi zonse. Pali ulesi wina umene umabisala m'chovala cha kudzichepetsa. M'zaka za m'ma 2010 makampani ambiri adavula zizindikiro zawo zakale n'kuvala zilembo zosalala zofanana, mwakuti munthu sangasiyanitse wogulitsa zovala ndi wogulitsa inshuwalansi. Pamene amisiri ophunzira akuchita zimenezi, wolemba zikwangwani wa pamsika, uja wa burashi ndi chitini cha utoto, akujambulabe mitu ya anthu pachipupa cha ometa tsitsi ndi nsomba pakhomo la lesitilanti, ndipo ntchito yake imakopa maso ndi kuthandiza ngakhale munthu wosadziŵa kuŵerenga. Wachinyamata wa laputopu angapindule atakhala naye mlungu umodzi. Ngakhale pa mkangano uja wa zikwangwani za ku Britain, mayeso amene adachitika adasonyeza kusiyana kochepa kwambiri, ndipo kochepako kudakomera zilembo za Kindersley. Komiti idasankhabe za Kinneir ndi Calvert. Kukongola kudali ndi mawu ake pamlanduwo. Chofunika n'chakuti kukongola kubwere pambuyo pa kumveka, monga ndiwo zimabwerera nsima ilipo.

Choopsa kuposa ulesi ndi luso logwiritsidwa ntchito mwachinyengo. Mu 2010 katswiri wa ku Britain, Harry Brignull, adayamba kusonkhanitsa ndi kutchula poyera misampha imene amisiri amatchera pa intaneti: batani lovomera lalikulu loŵala, lokanira lili kakang'ono kotuŵa pakona, kulembetsa kwa kudina kamodzi, kuleka kwake kofuna masamba asanu, kabokosi kochongedwa kale kamene kamalola kuti munthu azidulidwa mayunitsi tsiku lililonse. Zonsezi sizichitika mwangozi. Pali munthu wophunzira amene adakhala pansi, nadziŵa bwino lomwe pamene chala cha munthu wotopa chimagwera, natchera pomwepo. Luso lake ndi lomwe lija la Beck, kudziŵa chimene mlendo akufuna, koma alitembenuzira kwa mlendoyo. Wachinyamata woloŵa m'ntchitoyi tsiku lina adzapemphedwa kutchera msampha wotere, kaŵirikaŵiri ndi bwana waulemu wolankhula mofatsa, ndipo n'kwabwino kuti aganiziretu yankho lake tsikulo lisanafike.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu pano kuposa mmene amaganizira, ngakhale pa sukulu yopanda magetsi. Mphunzitsi amene amagaŵa bolodi m'zigawo, mutu pamwamba, zitsanzo kumanzere, ntchito kumanja, nalemba moti mwana wa kumbuyo aŵerenge, akuchita ntchito ya mmisiri ameneyu. Amene amalemba pepala la mayeso funso n'kudukira pakati, theka lake kutsidya kwa tsamba, akulephera ntchito yomweyo. Bolodi la zidziŵitso la pasukulu, pomwe chidziŵitso cha chaka chatha chaphimba cha maŵa, ndi phunziro lokwanira la ola lathunthu. Ophunzira angapatsidwe ntchito yojambula mapu ochokera pasiteji kufika pasukulu, kenaka mapuwo n'kupatsidwa kwa mwana wa kalasi ina kuti ayende nawo. Angapatsidwe pepala la malangizo a feteleza kapena a mankhwala a malungo kuti alilembenso moti agogo awo alimve. Zimenezi sizifuna kompyuta, ndipo ndizo zidzatsalire munthu. Masiku ano pali mapulogalamu amene amatulutsa zizindikiro makumi m'mphindi imodzi, ndipo wachinyamata amene luso lake lonse ndi kudziŵa podina adzapeza kuti makina amadina mwachangu kuposa iye. Makinawo sadaimepo pamzere wa kuchipatala, ndipo sadziŵa kuti pakhomo paja anthu amasokera chifukwa muvi udaloza pakati pa zitseko ziŵiri.

Mu 2000 katswiri wina wa za mawebusayiti, Jakob Nielsen, adalemba kuti kuyesa ntchito pa anthu asanu okha kumavumbula zolakwa zambiri zikuluzikulu. Njira yake njotchipa, koma njoŵaŵa. Mmisiri amatenga foni, napatsa mayi wogulitsa tomato, namupempha kuti apeze tsiku lotsegulira sukulu pa tsamba limene iye wakonza kwa milungu itatu. Kenaka amakhala chete, manja kumbuyo. Mayiyo amadina pachithunzi chimene si batani. Amadutsa batani lenileni kaŵiri osaliona. Amafunsa tanthauzo la liwu limene mmisiri ankaliyesa lodziŵika kwa aliyense. Pakamwa pa mmisiri pamayabwa kuti anene kuti dinani apo, mayi, koma saloledwa, pakuti tsiku lenileni iye sadzakhalapo. Amangolemba m'kope pamene chala chaima, nathokoza, napita kwa munthu wachiŵiri.